Galasi losamva kutentha nalonso limasweka

Akonzi,

Tiloleni tichenjeze anthu omwe akugula mbale zagalasi za borosilicate, mtundu wa galasi lopirira kutentha, poganiza kuti moto sungazichite kanthu. Ganizo limeneli likuphwanyitsa ziwiya zodula, ndipo zidutswa zake zimacheka koopsa.

Chimaswa galasi si kutentha pakokha ayi, koma kutentha kwa mbali imodzi inzake idakali yozizira. Yotenthayo imafutukuka, yozizirayo n'kumakana, mng'alu n'kuyambira pomwepo. M'galasi la borosilicate, pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi silika wochokera mumchenga, ndipo magawo 13 ndi boron oxide. Boron ameneyu ndiye amachititsa kuti lizifutukuka pang'ono, gawo limodzi chabe mwa magawo atatu a mmene galasi la mabotolo wamba limachitira. Analikonza ndi Otto Schott ku Jena, m'dziko la Germany, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kampani ya Corning ya ku America inatulutsa mbale za galasi limeneli zotchedwa Pyrex mu 1915. Lero timaliona m'ziwiya za mulabotale, m'timabotolo ta katemera ndi m'machubu otenthetsera madzi ndi dzuwa.

Komatu lili ndi malire. Kutentha kukasintha mwadzidzidzi ndi madigiri oposa 165, nalonso limathetheka. Mbale yochokera mufiriji iyambe yakhala panja mphindi 30 isanalowe mu uvuni, ndipo uvuniyo ikhale itatentha kale, chifukwa poyatsa mpomwe waya wake amawomba mbali imodzi mwamphamvu. Mukatulutsa, ikani pansalu youma kapena pathabwa, osati pachitsulo chozizira kapena pamalo onyowa. Musathiremo madzi ozizira idakali yotentha. Pamoto weniweni kapena pambaula yamagetsi pasapite mbale yophikira mu uvuni, pokhapokha wopanga atalemba kuti n'zololedwa.

Chomwe ambiri amachipeputsa ndi kukandika. Waya wokwechera miphika ndi mpeni zimasiya timizere tosaoneka bwino, ndipo mng'alu umatsata timizere tomweto. Mbale yobenthuka m'mphepete isalowenso mu uvuni.

Dzina lokha lisakunamizeni. Mbale zambiri za Pyrex za ku America masiku ano ndi za galasi wamba lolimbitsidwa, lomwe limapirira likagwa koma silipirira kusintha kwa kutentha ngati borosilicate. Pogula, funani mawu oti borosilicate pabokosi kapena kunsi kwa mbale, ndipo ogulitsa tikuwapempha asamachotse mapepala a malangizo.

Ife,
Odziwa za galasi