Musawalande ana mabuku oseketsa

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mabuku a ana amene nkhani zake zimakhala za ngwazi zamphamvu zodabwitsa ndi zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena, chifukwa ndaona kuti akuluakulu ambiri timawaweruza tisanawatsegule n'komwe.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga wa Sitandade 7 anabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu, atalandidwa buku limene amalume ake anamutumizira kuchokera ku Mangalande. Aphunzitsi, amene ndimawalemekeza ndipo sindiwatchula, anamva ana akukambirana za mnyamata wouluka mlengalenga ndipo anagamula pomwepo kuti bukulo likuphunzitsa ufiti. Sindikuwadzudzula kwambiri, pakuti kwathu kuno munthu akauluka popanda ndege timayamba taganiza za lichero. Koma nditapita kukalitenga, ndinakhala pakhonde masiku atatu ndikuliwerenga, ndipo ndinaseka mpaka mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Bukulo ndi My Brother Is a Superhero, limene analemba David Solomons wa ku Scotland. Linatuluka mu 2015 ndipo chaka chotsatira linapata mphotho ya mabuku a ana ya Waterstones. Nkhani yake ndi ya Luke, mnyamata wa zaka 11 wa ku Bromley mumzinda wa London, amene amadziwa chilichonse chokhudza ngwazi za m'mabuku a zithunzi, pamene mkulu wake Zack amangosamala za masamu. Tsiku lina awiriwa ali m'kanyumba kawo ka mumtengo, Luke anatsika kuti akataye madzi, ndipo pa mphindi zochepa zomwezo kunabwera cholengedwa cha kudziko lina n'kupereka mphamvu zonse kwa Zack, amene sankazifuna n'komwe. Luke pobwerera anapeza mwayi umene ankaulota moyo wake wonse wagwera mkulu wake, chifukwa cha chikhodzodzo basi.

Ndikufunsa makolo anzanga: ufiti uli pati pamenepa? Chimene ndinapezamo ine ndi nsanje ya pachibale, imene aliyense wokulira m'nyumba ya ana ambiri akuidziwa. Ine ndine wachitatu mwa ana asanu ndi awiri, ndipo mpaka lero ndimakumbukira kuti yunifolomu yatsopano inkagulidwa ya achimwene, ine n'kumalandira yakutha m'zigongono. Nkhuku ikaphedwa pa Khirisimasi, maso athu tonse ankakhala pa ntchafu, ndipo amene wapatsidwa khosi ankagona ndi mkwiyo. Wachisamba ankadandaula kuti amatumidwa kuchigayo yekha, wotsiriza ankadandaula kuti samumvera, ife apakati tinkangoona ngati anatiiwala. Mwana amene akuwerenga za Luke akudziona yekha, ndipo akuseka chinthu chimene kunyumba amachibisa mumtima poopa kutchedwa wanjiru. Wolembayo sanamusandutse Luke mngelo. Amanyanyala, amalankhula zobaya, amadziona kuti ndiye anali woyenera, komabe mkulu wake atagwidwa ndi mdani, amene ananyamuka kukamupulumutsa popanda mphamvu ina iliyonse ndi iye yemweyo. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mdzukulu wanga wamvetsa mwambi umenewu kudzera mwa ana awiri a ku London kuposa mmene anaumvera kwa ine.

Nkhani zoterezi si zachilendo kwa ife monga mmene tikuganizira. Amene amalowa m'tchalitchi akudziwa kuti abale ake a Yosefe anamuponya m'dzenje chifukwa cha chovala ndi maloto, ndipo palibe amene amaletsa ana kumva Genesis 37. Nthano zimene agogo athu ankatisimbira kumoto zinali ndi akalulu olankhula, mbalame zoimba nyimbo zoulula chinsinsi, ndi ana otuluka amoyo m'mimba mwa chilombo, koma tonse tinkayankha kuti "tili tonse" popanda woopa kuti tikulowa ufiti. Ngakhale Superman, amene anaonekera koyamba mu 1938 ku America, ndi mwana wamasiye wochokera ku pulaneti lina amene analeredwa ndi alimi, nkhani imene mayi aliyense wa kumudzi angaimvetse bwino.

Sindikunena kuti buku lililonse lokhala ndi ngwazi pachikuto ndi labwino. Ena ndi ndewu yokhayokha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo ndinaonapo ndi maso anga kamnyamata katamanga chitenje cha mayi ake m'khosi n'kudumpha mumtengo wa mango, zotsatira zake n'kukhala pulasitala pamkono. Kholo liyenera kuona chimene mwana akuwerenga, koma kuona kumatanthauza kuwerenga, osati kulanda.

Dandaulo langa lalikulu likupita kwa alembi athu. Mdzukulu wanga nthabwala zambiri zinamupita, chifukwa zili m'Chingerezi ndipo zatsamira pa moyo wa ku Britain umene iye saudziwa. Akafuna buku la Chichewa, zimene amapeza nthawi zambiri ndi zomulangiza kusamba m'manja, kubzala mitengo ndi kupewa matenda. Malangizo amenewa ndi ofunika, koma mwana sabisala m'bulangete ndi tochi kuti awerenge za kusamba m'manja. Anzathu a ku Zambia anationetsa kuti n'zotheka pamene Malenga Mulendema anapeka Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a sukulu amene amateteza mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Nanga chingalepheretse n'chiyani kuti cholengedwa cha kudziko lina chitere pa Sapitwa, chisochere m'minda ya tiyi ku Mulanje, kenako chipereke mphamvu zake kwa kamtsikana kamene kakupita kukatunga madzi, mlongo wake wodzitama atatsalira pa bawo? Ndikupempha inu a Mkonzi kuti muganizire zopatula tsamba limodzi Loweruka lililonse la nkhani ya ana yoseketsa, yopitirira sabata ndi sabata, ndipo muitane alembi achinyamata kuti ayesere.

Bukulo aphunzitsi anabweza mwaulemu titakambirana. Vuto limene lilipo tsopano ndi lakuti mlongo wake wa mwini buku, amene ali Sitandade 5, walibisa, ndipo wanenetsa kuti salitulutsa mpaka amalume atumize lake.

Gogo wokonda kuwerenga,
Zomba