Lipoti la msonkhano wa zamakompyuta womwe munandituma

A Tcheya, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu la eni mashopu a fotokope ndi kutaipa kuno ku Area 25,

Ndiyambe ndi nkhani ya alawansi, popeza ndamva kuti yayamba kale kuyenda pa WhatsApp. Ena akuti munthu angalandire bwanji alawansi pa msonkhano wochitikira ku City Centre, mu Lilongwe momwemuno. Masiku awiri onsewo shopu yanga inali yotseka, pomwe ino ndi nyengo imene ana asukulu amadzaza pakhomo ndi mapepala awo. Minibasi zinali ziwiri popita, ziwiri pobwera. Nkhomaliro ya tsiku loyamba ndinagula ndekha chifukwa dzina la gulu lathu silinali pamndandanda wa odya, kalata yathu itafika mochedwa. Amene anachedwetsa kalatayo akudzidziwa. Malisiti ndapereka kwa a Msungichuma.

Tsiku loyamba m'mawa kunali malonje ndi zolankhula za akuluakulu, zija mumazidziwa. Kenako panabwera bambo wina amene anatha ola lathunthu akufotokoza za makompyuta atsopano okhala ndi nzeru za AI, amene Microsoft ikuwatcha Copilot+, ofuna RAM yosachepera 16GB. Ndinayang'ana anzanga a ku Kawale ndi ku Biwi amene ndinakhala nawo mzere umodzi, tonse tinangoseka chamumtima. Wina analankhula zosunga mafayilo pa intaneti m'malo mwa pakompyuta. Zabwino ndithu, kwa amene bandulo simuthera.

Nkhani yotikhudza inabwera masana. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta siizima ayi, imayaka monga kale, koma kwa mabizinesi ngati athuwa zigamba zotseka mipata yolowera mavayirasi sizibweranso, pokhapokha ulipire, ndipo kulipirako n'kwa madola. Madolawo tiwapeza kuti, pomwe ngakhale a toner akutiuza kuti katundu wakwera chifukwa cha forex? Njira ina n'kukwera pa Windows 11, koma iyo imasankha. Imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo kwa Intel imafuna processor, ubongo wa kompyuta, ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ndinawerenga pamtima makompyuta a kaunjika amene ambirife tinagula ku Old Town, ma Dell ndi ma HP aja otsika m'maofesi a kunja. Ambiri ndi a m'badwo wa 3 kapena wa 4. Anga atatu onse sakulowa. Ndipo tisanamizane, alipo pakati pathu amene akadali pa Windows 7, yomwe inasiyidwa mu Januwale 2020.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndinaona kuti ulendowu sunapite pachabe. M'kachipinda kakang'ono kumbali, komwe anthu a masuti sanabwereko, mtsikana wina wokonza makompyuta anatulutsa laputopu ya ThinkPad yakale yothyoka pakona, yomangidwa ndi selotepi. Anabaya flashi, nayatsa. Pasanathe mphindi ziwiri panatuluka Linux Mint, mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ikuyenda kuchokera pa flashipo, Windows yam'kati osaikhudza n'komwe. Batani la menyu lili pansi kumanzere pomwe tinazolowera. Anatsegula LibreOffice, pulogalamu yotaipira ngati Word, nataipa kalata, naisunga ngati fayilo ya Word.

Ine sindinakhutire. M'thumba ndinali ndi flashi ya kasitomala wina, mayi wa ku Mgona, yomwe mafayilo ake onse anasanduka ma shortcut, matenda aja amene amatidwalitsa sabata ndi sabata. Ndinati tayesani iyi. Anaibaya. Mafoda onse amene vayirasi inabisa anaonekera poyera, satifiketi ya mwana wawo ili momwemo, ndipo kafayilo ka vayirasiko kali pambali ngati mbewa yogwidwa pa msampha, kosatha kuchita kanthu chifukwa kanapangidwira Windows. Anakafufuta ndi batani limodzi. Ine amene ndakhala ndikulipira mnyamata wofomata makompyuta pafupifupi mwezi uliwonse, ndinangogwira pakamwa.

Mtsikanayo anatiuza kuti Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite, ndipo foni iliyonse ya Android ili ndi Linux pansi pake. Ndiye amene akuti sitingaithe, akuigwira kale m'manja tsiku lililonse. Mint yomweyi inamangidwa pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, imene anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Dzina lakuti Ubuntu ndi umunthu wathu womwewu. Mint siigulidwa, ilibe layisensi yoti uthawe nayo, ndipo Mint 22 ipitiriza kulandira zigamba mpaka 2029.

Ndisakubisireni zovuta zake, chifukwa ndinafunsa mafunso mpaka wotsogolera anandipempha kuti ndipatseko mpata anzanga. CorelDRAW ndi Photoshop, zopangira makadi ndi kukonzera zithunzi, siziyenda pa Linux. Zilipo zolowa m'malo, Inkscape ndi GIMP, koma munthu amene wapanga makadi aukwati ndi a chinkhoswe pa Corel zaka khumi sangasinthe lero n'kumaliza oda ya Loweruka. Mapulinta a HP ambiri amangogwira okha, ena a mitundu ina amavuta. Komanso CV yokongoletsedwa kwambiri pa Word nthawi zina imasuntha mizere ukaitsegula pa LibreOffice, ndipo kasitomala wothamangira intavyu sangamve zoti vuto ndi pulogalamu.

Pomaliza msonkhano anagwirizana mfundo yoti mabizinesi ang'onoang'ono "alimbikitsidwe" kugula makompyuta atsopano pangongole. Ine sindinakweze mkono. M'chipindamo munalinso ogulitsa makompyutawo, ndiye mfundoyo sinandidabwitse. Maganizo anga ndi awa: shopu iliyonse isiye kompyuta imodzi pa Windows, ya Corel ndi pulinta, ndipo imeneyo isamabayidwe flashi ya kasitomala aliyense. Zotsalazo, zotaipira ndi zolowera pa intaneti, tiziike Mint. Ngongole ya kompyuta yatsopano pomwe magetsi akuzima theka la tsiku ndi kudzimangirira chingwe tokha.

Ndikudziwa kuti a Wachiwiri kwa Tcheya atsutsa, monga anatsutsira chaka chatha nkhani yogula toner pamodzi. Iwo amati makasitomala amafuna Windows. Kasitomala amafuna pepala lake lituluke loyera, sanandifunsepo kuti m'kompyuta muli chiyani. Ndipo poti tafika pamenepa, laputopu ya gulu ili kuti? Tinasonkha tonse, inabwerekedwa pa maliro kuti akataipire pulogalamu, mpaka lero miyezi isanu. Ndikanakhala nayo ndikanaiyesera Mint komweko, m'malo mwake ndinapita ndi kope ndi bolopeni ngati mwana wa Sitandade 5. Nkhani ya ndalama za sola nayonso sinayankhidwe, koma imeneyo ndiifunsa pamaso.

Fayilo ya Mint ndi pafupifupi 3GB. Sindinawononge bandulo ya gulu, ndinakopera kwa mtsikana uja pa flashi yanga. Dzulo usiku ndaiika pa Dell yanga imodzi, ija inkatenga nthawi yofulula tiyi isanayake, ndipo m'mawa uno mwana wanga wataipirapo makalata anayi osafunsa chilichonse. Pulinta yanga ya HP yagwira. Sikana yakana, ndikulimbana nayobe.

Loweruka likubwerali 2 koloko masana ndidzakhala pashopu panga pa Nsungwi. Amene akufuna kuona kuika Mint abwere ndi kompyuta imodzi, makamaka imene anaitaya kale mtima, ndi flashi yosachepera 8GB yopanda kanthu. Mafayilo anu muyambe mwasunga pena, ndisadzamve kuti ndakutayirani zithunzi za ukwati. A Mlembi, chonde ikani nkhani ya laputopu pa ajenda, pamwamba.

Ine nthumwi yanu.