Kwa inu a sitolo ya magalasi amene munandigulitsa ma contact lens ngati tomato wa pamsika

Ndalemba pano poyera chifukwa mauthenga anga a pa WhatsApp yanu ali ndi timizere tiwiri ta buluu kuyambira sabata yatha, koma yankho kuli zii. Dzina la sitolo sinditchula, eni ake mukudzidziwa, ndipo risiti yanu ndaisunga bwinobwino.

Ine ndimavala magalasi kuyambira ndili Fomu 2. Maso anga saona patali, onse awiri ndi -6.00, moti ndikavula magalasi sindingazindikire ngakhale mayi anga ataima kutsidya kwa msewu. Loweruka lililonse ndimasewera netibo, ndipo magalasi awiri atandithyokera pabwalo ndinati basi, ndiyese ma contact lens, timagalasi tija tovala padiso penipeni. Ndiye ndinabwera kwanu kumayambiriro kwa Ogasiti.

Achemwali a pakauntala anandilandira bwino, pamenepo sindinganame. Anapempha pepala langa la magalasi, nakopera nambala, natsegula kabati, natulutsa bokosi la ma lens 6. Anati awa ndi a pamwezi. Ndinafunsa kuti pamwezi ndiye kuti chiyani, popeza ine ndizivala Loweruka ndi masiku ena apatalipatali. Yankho lawo ndikulikumbukira mawu ndi mawu: "Muzingowerenga masiku amene mwavala, akakwana 30 mutaye." Anandipatsanso botolo lalikulu la saline kuti ndiziwasungiramo usiku, ndipo za kabokosi kosungiramo anati ndizingokatsukuluza pampope. Palibe anandiyeza diso. Palibe anandiveka lens n'kuona mmene yakhalira. Kuvala ndi kuvula ndinakaphunzira ndekha pa YouTube, misozi ili chuchuchu kutsogolo kwa kalilole. Zonse za m'sitolo mwanu sizinathe mphindi 10. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, phulalo n'kudyabe.

Ma lens awiri oyamba aja ndinawatsegula mu Ogasiti, ndipo pakati pa Okutobala ndinali ndikuvalabe omwewo, ndikuchonga masiku pakalendala ya kukhitchini monga munandiuzira. Fumbi la Okutobala ku Lilongwe mukulidziwa. Diso lamanzere linayamba kuyabwa, ine n'kumati ndi fumbilo. Usiku wina ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko diso likuwotcha ngati mwathiridwa tsabola wa kambuzi. Chikope chinali chotupa, manthongo atamata, ndipo kuwala kwa foni kokha kumandilasa mpaka m'mutu. Alamu anga ndiwo ananditengera kuchipatala cha maso kutangocha, nditaphimba nkhope ndi chitenje ngati namfedwa.

Adokotala anandikhazika pamakina aja oika chibwano, nandidontheza mankhwala achikasu m'diso, nayatsa kuwala kwa buluu. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati pa cornea, kachigawo koonekera kaja ka kutsogolo kwa diso, pali kachilonda. Anandipatsa mankhwala odontheza ola lililonse, usana ndi usiku, masiku oyambirira. Yesani kutchera alamu ya ola lililonse usiku wonse, mudzandimvetsa. Kuntchito ndinajomba masiku 9.

Atandifunsa mmene ndimasamalira ma lens, ndinafotokoza monyadira, poganiza kuti ndikutsatira malangizo. Anavula magalasi awo n'kundiyang'ana. Zimene anandiuza m'mphindi zochepa ndi zimene inu munayenera kundiuza ndisanatulutse ndalama.

Mwezi wa lens umayamba tsiku limene mwamatula kapaketi kake. Kaya mwaivala kamodzi kokha, kaya tsiku ndi tsiku, pakatha masiku 30 ndi yotaya, chifukwa zonyansa za m'misozi ndi tizilombo zimaunjikana pa iyo ngakhale ili chikhalire m'kabokosi. Yanga inali itadutsa miyezi iwiri.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi botolo lija. Saline ndi madzi amchere chabe, ntchito yake ndi kutsukuluza, sapha tizilombo. Ndiye kuti usiku uliwonse ndimaviika ma lens m'madzi osapha kanthu, m'mawa n'kuwaika m'maso. Pamafunika solution yeniyeni yophera tizilombo, ndipo nayonso si yongoviikamo ayi. Umasamba m'manja ndi sopo, kupukuta mpaka kuuma, kuika lens pachikhatho, kudonthezapo solution, kuitikita ndi chala mbali zonse ziwiri, kuitsukuluza, kenaka kuiika m'kabokosi mmene mwathiridwa solution yatsopano. Ya dzulo umataya yonse, osati kungowonjezerapo pang'ono monga timachitira ndi mafuta ophikira m'chiwaya. Palinso mtundu wina wa hydrogen peroxide umene uli ndi kabokosi kakekake, ndipo lens imayenera kukhalamo maola osachepera 6, apo ayi imawotcha diso. Zonsezi ndinazimva koyamba ndili ndi chilonda kale.

Nanga za mpope zija? Adokotala anati m'madzi a pampope, a pachitsime, a m'nyanja ngakhale a m'bafa mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba. Kakalowa pakati pa lens ndi diso kamayambitsa matenda ovuta kuchiza, a miyezi yambiri, ndipo ena diso limafa kumene. Mwamwayi changa sichinali chimenecho. Koma taganizani, kwathu madzi akasiya timatunga a mudiramu amene akhalamo masiku atatu, ndipo ndi omwewo ndimatsukira kabokosi, pomvera inu. Kabokosi kamatsukidwa ndi solution, kukavundikira pa tishu woyera kuti kaume, ndipo pakatha miyezi itatu kamasinthidwa. Lens siyenera kukhudza madzi, kaya posamba kaya posambira.

Ngakhale nambala imene munakopera inali yolakwika. Magalasi amakhala patsogolo pa diso, pafupifupi mamilimita 12, pamene lens imakhala padiso penipeni, choncho kwa munthu wa nambala yaikulu ngati ine mphamvu zake sizifanana. Nambala ikapitirira 4.00 imayenera kuwerengedwanso. Ine wa magalasi a -6.00 ndimafunika lens ya -5.50, n'chifukwa chake mutu umandipweteka madzulo ndikawerenga pafoni. Pabokosi palinso timanambala tiwiri, BC ndi DIA, tosonyeza kupindika ndi kukula kwa lens. Ndinkayesa ndi za kufakitale basi. Adokotala atayang'ana anati lens ija imandithina, simasuntha ndikaphethira, pamene lens yokhala bwino imayenera kusuntha pang'ono kuti misozi izidutsa pansi pake. Nsapato timayesa tisanagule, nanga chinthu cholowa m'diso?

Mbali yanga ndivomera. Tsiku lina pabasi yochokera ku Blantyre ndinagona ndi ma lens m'maso kuyambira pa Zalewa mpaka pa Dedza, ndipo ndauzidwa kuti kugona nawo n'koopsa pokhapokha dokotala atakulola. Komanso timalemba ta pabotolo la saline sindinawerenge. Ndinakhulupirira munthu wovala yunifomu yanu.

Nditapezako bwino ndinabweranso ndi kalata ya adokotala ndi ma lens 4 otsala osamatula. A manejala, munanditulukira muofesi, kalatayo osaigwira n'komwe, n'kundilozera chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Munawonjezera kuti mwina ndinagwira m'maso ndi manja a tsabola, anyamata anu n'kuseka. Ine sindinaseke. Ndili chiimire pomwepo, mtsikana wina amagula ma lens obiriwira oti akavale pachinkhoswe, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akuuzidwa mawu omwe aja a masiku 30 ndi mpope. Ndinamutsatira panja n'kumuonetsa chithunzi cha diso langa. Ma lens a mitundu nawonso ndi ma lens, ngozi yake ndi yomweyo ngakhale munthu amaona bwinobwino.

Musanene kuti akatswiri kulibe. Mzuzu University imaphunzitsa ma optometrist, akatswiri oyeza maso, konkuno ku Malawi, ndipo ngati muli naye wanu, tsiku limenelo sindinamuone, ngakhale chitseko cholembedwa kuti chipinda choyezera maso chinali pomwepo.

Zimene ndikufuna si zambiri. Mundibwezere ndalama ya ma lens olakwika ndi botolo lija, ndi zimene ndawononga kuchipatala, marisiti onse alipo. Ndipo mutsegule buku lanu lija limene mumalembamo manambala a foni a makasitomala, muimbire aliyense amene munamugulitsa ma lens a pamwezi, mumuuze zoona za masiku 30, za saline ndi za madzi a pampope. Ichi chachiwiri ndichimene ndikuchifuna kwambiri.

Ndikudikira yankho lanu mpaka Lachisanu. Likapanda kubwera, Lolemba m'mawa ndikasiya kalata ku Medical Council of Malawi ndi ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo kumeneko dzina la sitolo ndikalilemba lonse. Pa cornea yanga patsala kachipsera, adokotala akuti mwamwayi kali m'mbali, sikatchinga kuona. Ma lens andiletsa kaye mpaka adzandionenso. Loweruka lapitali ndasewera netibo ndi magalasi omanga ndi lastiki kumbuyo kwa mutu.