Lipoti la msonkhano wa zovala zodzitetezera poulutsa madroni

A Wapampando, a komiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu,

Ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma kuti ndikakuimirireni pa msonkhano wa anthu oulutsa madroni, tindege tating'ono touluka popanda munthu m'kati. Munasonkha ndalama za thiransipoti ndi malo ogona, ndiye ndalemba zonse bwinobwino kuti ngakhale amene sadzafika pa mkumano wathu wotsatira adziwe zimene ndinamva. Kunali ojambula maukwati ngati ife, oyeza malo, achinyamata ophunzira za madroni, ndi ena amene amapopera mankhwala m'minda ikuluikulu. Nkhani za ziphaso ndi misonkho zinakambidwa mwachidule. Imene inatenga nthawi, komanso imene ndikufuna tiiganizire mofatsa, ndi ya zimene timavala tikamagwira ntchito.

Ndiyambe ndi rifulekita, chovala chonyezimira chija timachiona ndi a kabaza komanso okonza misewu. Ambirife timaulutsa droni titavala jinzi ndi tisheti, ndipo sitinaonepo vuto. Otsogolera zokambirana anafotokoza kuti ntchito ya rifulekita si kutchinga thupi, chifukwa kansalu kameneka sikangaimitse phiko la droni. Ntchito yake ndi kuuza anthu kuti munthu waima apoyu ali pa ntchito, ndiye amene akuyendetsa chinthu chikulira m'mwambacho, ndipo asamusokoneze. Anatikumbutsa kuti ku America, bungwe loona za ndege la FAA linatulutsa uthenga mu November 2017 wolimbikitsa oulutsa madroni kuvala zovala zonyezimira zolembedwa kuti ndi oyendetsa droni. Chifukwa chake chinali chakuti anthu odutsa, ngakhale apolisi, ankafika n'kuyamba kufunsa mafunso munthu ali mkati moyendetsa, maso ake n'kuchoka pa droni. Sanaike ngati lamulo, anangolangiza.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa pamenepo, ndipo holo yonse inakhala chete pamene tinafika pa chaka chomwecho cha 2017. Mu June chaka chimenecho boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, ofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko. Patangopita miyezi itatu, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa chifukwa chongokayikiridwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Nthawi imeneyo kukhala mlendo m'mudzi, utanyamula chikwama cha zipangizo zimene anthu sakuzidziwa, kunali kuika moyo pachiswe. Tsono taganizani za ife. Timatsika pa njinga yamoto m'mudzi umene sitidziwika, timatsegula bokosi lakuda, timatulutsa kachinthu kokhala ndi diso kamene kamauluka pamwamba pa nyumba za anthu, pa bafa lopanda denga, pa manda ndi pa dambwe. Munthu amene wabisala kuseri kwa mtengo akuchita zimenezi amaoneka ngati ali ndi chobisa. Amene waima poyera, atavala chovala chowala cholembedwa dzina la gulu lake, anthu amadziwa kuti ndi woti angamufunse ndipo ayankha.

Si onse anagwirizana nazo. Ena mwa ojambula anati rifulekita imaitana chigulu cha ana, komanso imalozera akuba kumene kuli katundu wodula. Ena anadandaula kuti pa ukwati mwini phwando safuna munthu wovala zachikasu azioneka m'zithunzi. Ine ndinaima ndi amene amati tizivala. Ana amabwera ndi phokoso la droni, kaya tavala kaya sitinavale, ndipo n'kwabwino adziwe woti amumvere akawauza kuti abwerere m'mbuyo. Za ukwatizo, woyendetsa droni saima pakati pa operekeza akwati, amaima kumbali.

Koma pali chenjezo limene ndikufuna tiligwiritsitse. Rifulekita si chilolezo. Sichotsa udindo wokaonekera kwa amfumu ndi kufotokoza chimene tabwerera, sichotsa kufunika kwa chilolezo cha akuluakulu oona za maulendo a pandege, ndipo siitipatsa ufulu woulutsa pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu kapena la ku Chileka, kapenanso malo a asilikali. Komanso tisayerekeze kuvala chovala chokhala ndi chizindikiro cha boma kapena cha bungwe limene sitiligwirira ntchito pofuna kuti anthu atiope. Bodza lotero likaululika, amene adzabwere pambuyo pathu atanyamula mankhwala a kuchipatala ndi amene adzagendedwe. Tizikumbukira kuti madroni m'dziko muno amanyamula katemera ndi magazi okayezetsa, kuyambira pomwe anayeserera mu 2016 ku Lilongwe kunyamula magazi a makanda okayeza HIV, ndipo anathandiza kujambula madera osefukira pa nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Chikhulupiriro cha anthu pa madroni ndi cha tonse, ndipo munthu mmodzi akhoza kuchiwononga.

Tinagwirizananso kuti asamagwire ntchito munthu mmodzi. Woyendetsa maso ake amakhala pa droni ndi pa sikirini, ndiye pafunika mnzake woyang'ana nthambo za magetsi, mitengo, mbalame, ndi kulankhula ndi anthu. Iyenso avale rifulekita, makamaka ya mtundu wina, kuti ofunsa mafunso azipita kwa iyeyo. Malo onyamukira ndi otera tizizunguliza ndi chingwe kapena makoni.

Tsopano zovulaza thupi lenilenilo. Mapiko a droni amazungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale a pulasitiki amacheka chala mpaka kufuna kusokedwa. Pano ndilankhule mosabisa, anzanga. Chizolowezi chathu chowakha droni ndi dzanja ikamatera, poopa fumbi kapena pofuna kusangalatsa oonerera, tichisiye. Kamphepo kakang'ono kokha kakaikankha, mapiko amapeza zala kapena nkhope. Ngati vuto ndi fumbi, tigule kachinsalu koterapo, kapena tiziyala thabwa. Magalasi oteteza maso ndi ofunika kwa aliyense amene ali pafupi ponyamuka ndi potera, chifukwa mphepo ya mapiko imaulutsa mchenga ndi timiyala, komanso phiko long'aluka likhoza kuthothoka. Pogula magalasi a dzuwa tiziwayesa kaye pa sikirini, popeza ena amaidetsa moti sungawerenge kuti batire yatsala bwanji. Pa malo omanga nyumba ndi m'migodi ya miyala, helemeti ndi nsapato zolimba ndi lamulo la eni malo, ndipo patapata sizololedwa. Mpango, chingwe cha m'khosi ndi tsitsi lalitali tizimanga tisanawerame pa droni, ndipo posintha mapiko batire ikhale itachotsedwa.

Za mabatire ndinaphunzira zambiri. Mabatire a lithium amene timagwiritsa ntchito akatupa, akabooka kapena akatentha kwambiri amatha kuyaka okha, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa, utsi wake ndi wa poizoni. Batire yotupa isaikidwenso mu droni ngakhale itakhala kuti ikugwirabe ntchito. Tisamasiye mabatire m'galimoto yotseka pa dzuwa la October, tisamatchaje pa matiresi kapena usiku tikugona, ndipo magetsi akabwera pakati pa usiku tisamangolumikiza n'kubwerera kukagona. Pali matumba osagwira moto osungiramo mabatire, ndipo ndowa ya mchenga pafupi ndi potchajira imathandiza kuti moto usafalikire. Batire yomwe ikhale nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito isungidwe ili ndi moto wa pakatikati, osati yodzaza.

Ena mwa inu mwakhala mukunena zoti tilowe ntchito yopopera m'minda, ndiye gawo ili ndinalimvetsera kwambiri. Droni yopopera ngati DJI Agras T40 imanyamula malita 40 a mankhwala, ndipo ikadzaza ndi chinthu cholemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ngozi yaikulu si ili m'mwamba ayi, ili pansi pamene munthu akusakaniza mankhwala osasungunula, kuthira m'thanki ndi kutsuka zipangizo zopopera. Pamenepo pafunika ovolosi ya manja aatali, majombo, magolovesi a labala osalowa mankhwala, magalasi, ndi masiki yopangidwira mankhwala. Masiki ya nsalu imene tinkavala nthawi ya Covid-19 sithandiza, imangonyowa n'kusunga mankhwalawo pamphuno. Woyendetsa aziima kumene mphepo ikuchokera. Asadye, asasute, asagwire foni ndi magolovesi omwewo. Zovalazo zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za ana, ndipo zigubu za mankhwala zitsukidwe katatu n'kuboola kuti wina asadzasungiremo madzi akumwa kapena mafuta ophikira. Maganizo anga ndi akuti tisavomere ntchito yopopera ngakhale imodzi tisanakhale ndi zovala zimenezi zokwanira onse opita kumundako, kuphatikizapo aganyu amene timawatuma kutunga madzi, chifukwa kawirikawiri iwowo ndi amene amagwira mankhwala ndi manja.

Kunalinso achinyamata amene anaphunzira ku African Drone and Data Academy, sukulu imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu January 2020. Chimene ndinaona mwa iwo n'chakuti amayendera mndandanda wolembedwa asanaulutse, ndipo zovala zili pa mndandanda womwewo pamodzi ndi mabatire ndi nyengo. Ndi chinthu choti tikhoza kuyamba mawa popanda kuwononga tambala.

Choncho ndikupempha a Wapampando kuti pa mkumano wotsatira tikambirane zoti ndalama zimene tinasungira lenzi yatsopano zigule kaye marifulekita olembedwa dzina la gulu ndi mawu a Chichewa kumsana, magalasi, matumba a mabatire ndi kabokosi ka chithandizo choyamba. Ndikudziwa kuti ena lenziyo mwaidikira nthawi yaitali, ndipo ndidzamva maganizo anu. A msungichuma abwere atafufuza mitengo, ndipo aliyense abweretse mabatire ake onse kuti tidzawaone limodzi ndi kupatula otupa. Malisiti a ulendowu ndapereka kale kwa a mlembi.

Ine nthumwi yanu.