Lipoti la msonkhano wokambirana zobwezeretsa madzi mumtsinje wa Bua

Kwa a Gulupu, a Wapampando ndi mamembala onse a komiti yathu yosamalira zachilengedwe,

Monga momwe munanditumira, ndinakhala nawo pa msonkhano wa masiku awiri umene unachitikira pa boma ku Mchinji, ndipo tsopano ndikubweza mawu. Kunabwera mafumu, alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, komanso nthumwi zochokera ku Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Nkhotakota, chifukwa Bua amayambira kuno kwathu ku Mchinji n'kudutsa m'madera onsewa asanakathire m'nyanja ya Malawi.

Mawu amene anandikhudza kwambiri anachokera kwa bambo wina wachikulire wa ku Nkhotakota. Iwo anafotokoza kuti nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja nthawi ya mvula n'kukwera Bua kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono ya pansi pa mtsinje, ndipo matope akakwirira miyalayo mazira amafa. Kenaka anatembenukira kwa ife a kumtunda n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi dothi limene likutipeza kunsi kuno ndi la m'minda ya yani?" Ndinasowa choyankha, pakuti dimba langa la tomato limafika m'mphepete penipeni mwa madzi.

Mlangizi wa zankhalango anatithandiza kumvetsa chifukwa chimene mtsinje umasefukira mu Januwale koma n'kusanduka zithaphwi mu Okutobala. Madzi amene amayenda m'chilimwe ndi mvula yomwe inalowa pansi m'dzinja, m'mapiri ndi m'madambo, n'kumatuluka pang'onopang'ono. Pamene mitengo yatha chifukwa cha makala, kuwotcha njerwa ndi zigafa za fodya, mvula siipeza nthawi yolowa pansi. Imathamanga tsiku limodzi itanyamula nthaka, ndipo mchenga umadzaza maiwe amene kale ankasunga madzi. Kuti tione ndi maso athu, iwo anathira madzi ofanana pa zidutswa ziwiri za nthaka zimene anazipendeketsa, china chaudzu, china chopalidwa. Pa chopalidwacho madzi anatsika nthawi yomweyo ali ofiira, pamene pa chaudzucho anachedwa ndipo anatuluka ochepa, oyera. Ndikufuna tidzachite zomwezi pamsonkhano wa mudzi, chifukwa zimaposa kulankhula kwa ola lathunthu.

Pa za kuipitsidwa kwa madzi panalibe mtsutso. Anatchula kutsukira mumtsinje mapampu opoperera mbewu, kutayamo mabotolo a mankhwala ndi mapulasitiki, zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi madzi, ndiponso kupha nsomba ndi katupe. Tinakumbutsidwa kuti lamulo loyang'anira madzi la 2013 ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017 amaletsa kuipitsa mitsinje.

Pamene panavuta ndi pa madimba. Nthumwi zina zinkafuna kuti kulima m'mbali mwa mtsinje kuletsedwe chaka chino chomwe. Ine ndinaima n'kunena zimene munandiuza, kuti mabanja ambiri kwathu amapulumuka njala ndi chimanga cha kudimba ndipo sukulu fizi imachokera mu tomato ndi kabichi, kotero lamulo lothamangitsa anthu popanda kuwapatsa njira ina lidzangothyoledwa usiku. Titakambirana mpaka madzulo, tinagwirizana kuti madimba asathe, koma aliyense asiye mpata pakati pa madzi ndi mizere yake, umene mudzi uliwonse udzayeze pamodzi ndi mlangizi, n'kubzalamo udzu wa vetiva, bango, nsungwi, mikuyu ndi mbawa. Bulugamu anati asabzalidwe pafupi ndi mtsinje kapena m'dambo chifukwa amamwa madzi ambiri. Kumtunda m'minda tikuyenera kukonza akalozera ndi ngalande zokololera madzi a mvula, komanso kutchinga zigwembe ndi miyala. Ine ndikuona kuti mgwirizanowu ndi wachilungamo, ngakhale kuti unditayitsa mizere ingapo ya m'dimba langa, ndipo ndikhala woyamba kuisiya.

Nkhani ya okumba mchenga ndi oumba njerwa m'gombe sinathe. Yasiyidwa m'manja mwa mafumu kuti akambirane kaye ndi anyamata amene amadalira ntchitozi.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, choncho nazale yathu iyenera kukhazikitsidwa tsopano kuti mbande zidzakhale zitakula mvula ikadzakhazikika. Ndikupempha a Gulupu kuti atipatse malo a nazaleyo pafupi ndi mjigo, ndiponso kuti aitanitse eni madimba onse Loweruka likubwerali, kuti tikayende limodzi m'mbali mwa mtsinje n'kukhoma zikhomo pamene aliyense azilekezera kulima.

Ine nthumwi yanu.