Za kachipinda kakuseri kwa khitchini

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo ndisanamalize n'komwe kuwerenga moni ndinali nditaliona kale funso lanu lonyogodola lija, loti kodi kachipinda kamene ndakhala ndikukakamba chaka chonse kanamera kapena mbewu yake inaolera m'nthaka. Kanamera ndithu, koma khoma lake likundilekeza m'chiuno, ndipo mbuzi ya a Phiri imalidumpha m'mawa uliwonse popanda kuthamanga.

Cholinga chathu chinali chochepa. Alamu anu anatopa ndi kuchapira panja pa mwala, ndipo ine ndinatopa ndi kugona moyang'anizana ndi matumba a chimanga amene fungo la mankhwala a anankafumbwe silichokamo. Tinagwirizana kuti timange kachipinda ka mamita 3 mulitali ndi 2.5 mulifupi kotsamira khoma la khitchini, kuti tingomanga makoma atatu okha, m'kati mwake tiikemo sinki ya simenti, mashelefu, ndi malo a makina ochapira amene inu munalonjeza kuti mudzatumiza pa basi yochokera ku Johannesburg. Lonjezo limenelo ndaliwerengera kale m'bajeti, choncho musayerekeze kuliiwala.

Mmisiri anawerengera mabuloko 300, matumba a simenti 20, malata 5 a mafiti 10, chitseko chimodzi ndi zenera limodzi. Ndinasankha mabuloko chifukwa njerwa zootcha, ngakhale zimaoneka zotsika mtengo, zimadya matope ambiri ndipo zambiri zimafika zitasweka pa lole. Papepala zonse zinaoneka zotheka. Koma chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene wogulitsa wakuuzani Lolemba sakuuzindikiranso Lachisanu, kotero ndinayamba kugula simenti pang'onopang'ono n'kumasunga. Apa m'pamene ndinalakwa, pakuti matumba atatu amene ndinawatsamiritsa pansi popanda matabwa anakoka chinyontho n'kusanduka miyala, moti tsopano ana amakhalira pamenepo akamasenda mbatata.

Chimene sindinachiganizire konse ndi madzi. Kubweretsa paipi kuchokera ku khitchini n'kosavuta, koma pulambala atafika anangondifunsa kuti madzi a sopo akatuluka m'sinki adzapita kuti. Ndinaloza kumpanda, iye n'kuloza dimba la masamba la a Phiri limene lili kuseri kwa mpandawo. Tsopano pakufunika dzenje lakelake lodzaza miyala, mapaipi ena, ndiponso pansi payenera kupendekeka pang'ono kuti madzi asamabwerere m'nyumba. Wa magetsi nayenso akuti makinawo amafuna soketi yawoyawo yokhala ndi waya wa pansi, kutali ndi mpopi. Ndikaphatikiza ziwirizi zikuyandikira mtengo wa makoma onse, ndipo palibe mwa izi chimene mlendo adzachione n'kuchiyamikira.

Komatu chimene chikundisowetsa tulo si ndalama ayi. Tsiku limene tinakumba maziko, azakhali anali kuno kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anabwerera kumudzi ndi uthenga wakuti mwana wawo akumanga chipinda. Mawu akuti chochapira anagwera m'njira, mwina pa Nathenje. Pofika Lamlungu malume anali ataimba foni kuti mnyamata wawo amene akufuna ntchito m'tauni wapeza pogona. Lachitatu anaimba apongozi, kufunsa ngati zenera lidzayang'ane kum'mawa, popeza iwo sagona bwino m'chipinda chotentha madzulo. Ndayesa kufotokoza kuti pakalowa sinki, makina ndi matumba khumi sipadzatsala malo ngakhale a mkeka, koma malume anayankha modekha kuti mnyamatayo ndi wamfupi. Usiku ndimalota anthu atandandalika pa mashelefu, wina pamwamba pa mnzake, alamu anu akuchapabe panja pa mwala womwe uja. Ndafika poganiza zochepetsa chitseko, kapena kusaika pulasitala m'kati kuti pasaoneke pokhalika.

Mwana wathu wamkulu wakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo zikutanthauza kuti ndalama za malata zili ndi mpikisano. Mvula ikayamba tisanafolere, madzi adzadikha pa silabu n'kulowerera m'khoma la khitchini, limene ndi lakale ndipo linamangidwa ndi dothi. Mmisiri akuti akhoza kufika pa linta m'masiku anayi ngati nditamulipira theka, koma ndinamuona dzulo akumanga mpanda kwa ena atavala nsapato zatsopano zimene ndikuzikayikira kuti ndi za ndalama yanga ya mchenga.

Mundiyezere makinawo ndi tepi, mulifupi ndi msinkhu womwe, musanapite kukagula, chifukwa ngati adzakanike kulowa pa chitseko chimene ndikufuna kuchepetsachi ndiye kuti malume adzakhala atapambana, ndipo ine... magetsi azima, pepala nalonso latha, zotsalazo ndidza

Ine mbale wanu wa ku Area 25