Ndinavumbwa ndi satifiketi yako pachifuwa

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako inandipeza Lolemba ndipo ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chinakusiya, komanso kuti ntchito akulonjeza kukulemba ukangoonetsa mapepala. Kuno tili bwino. Koma ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa satifiketi yako yanyowa. Sinang'ambike ayi, dzina lako likuwerengeka bwinobwino, koma chidindo chapakona chija inki yake yayenderera mbali imodzi, ndipo uno ndi usiku wachitatu tulo tikundivuta chifukwa cha chimenechi.

Lachitatu ndinadzuka ndi maulendo anayi: kukatenga satifiketiyo, kubanki, kukagula mankhwala a amayi ako, kenako kupositi. Kunacha kowala, kopanda ndi kamtambo komwe, koma kukutentha kwachinyontho kuja koti malaya amamatirira kumsana usanayende n'komwe. Mlamu wako anandikumbutsa ambulera ndili pakhomo, ndinaitengadi. Jumbo ndiyo sindinatenge. Ndikanangopinda kajumbo kamodzi m'chikwama, bwenzi kalata ino ili ya nkhani zina.

Kuofesi kuja anandisunga pamzere mpaka cha m'ma 2 koloko. Ndikutuluka, ndinaona mtambo umodzi utaima ngati phiri kuseri kwa nyumba zosanja, pamwamba woyera mbee, kunsi kwake kuli bii. Ukuwakumbuka aphunzitsi aja a jogalafe ankajambula pabolodi mtambo wa mutu wophwatalala, n'kumatitchulitsa kuti cumulonimbus mpaka lilime kupindika? Ndi womwewo. Ankati dzuwa likatenthetsa nthaka m'mawa wonse, mpweya wotentha umakwera ndi chinyontho chake, ukafika kozizira kumwambako n'kusanduka madontho, n'chifukwa chake mvula yamabingu imakonda masana ndi madzulo. Ndinauzindikira ndithu mtambowo, koma mumtima ndinati ndifike kaye kubanki.

Kamphepo kozizira kanayamba kuulutsa fumbi ndi mapepala. Amalonda a m'mbali mwa msewu anali atayamba kale kufunditsa katundu wawo, paja iwo sadikira dontho loyamba. Madontho atayamba anali akuluakulu, apa limodzi apo limodzi, kenako inangokhuthuka ngati wina wapendeketsa mgolo. Ambulera ija mphepo inaitembenuza, mawaya awiri n'kuthyoka, ambulera yoti ndangoigula mwezi watha. Envelopu ndinailowetsa m'malaya, pachifuwa, n'kuthamangira pakhonde la sitolo ina pomwe anthu anali atadzaza kale.

Apa ndiye ndinakukumbuka, iwe wamantha, amene bingu likangogunda unkadzifunditsa bulangete mutu wonse miyendo ili pamtunda, ngati mphenzi imasaka nkhope zokha. Kodi kumeneko ukuchitabe zimenezi? Usandinamize. Koma ndiwe wemwe unandiphunzitsa kuwerenga masekondi kuchokera pa chiphaliwali kufika pa bingu. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, pamene phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Ndinawerenga 9. Chotsatira 6. Chachitatu sindinafike ndi pa 2 pomwe, kunangoti ng'ani, phaa! Magalasi a sitolo ananjenjemera, magetsi n'kuzima, mwana amene anali kumbuyo kwa mayi wina n'kuyamba kulira mosatonthozeka. Khonde lotseguka limangokutchinga madzi, mphenzi silikutchinga. Pothawira penipeni ndi m'nyumba kapena m'galimoto ya denga lachitsulo, koma eni sitolo anali atatseka chitseko poopa matope, ndipo palibe anagogoda. Tsidya la msewu bambo wina anaima ndi njinga yake pansi pa mtengo waukulu. Gogo wina pakati pathu anamukuwira mpaka mawu kusasa kuti achokepo, poti mphenzi ikamenya mtengo imalumphira kwa amene wautsamira, kapena kuyenda m'nthaka n'kumupeza. Anachoka, koma monyinyirika.

Madzi ndiwo anandiopsa kuposa mabingu. Phula ndi simenti sizimwa madzi, onse a pamadenga ndi pamisewu amathamangira kungalande nthawi imodzi, ngalandezo zitatsekeka ndi mabotolo ndi majumbo. Sipanathe mphindi 20 msewu unali mtsinje wofiirira, ukukokolola zinyalala ndi nsapato za anthu. Kamnyamata kena ka yunifolomu kanatopa kudikira, kanavula nsapato n'kuyamba kuoloka. Pakati pa msewu mwendo unalowa m'dzenje la ngalande lopanda chivundikiro, kanamira mpaka m'chiuno, madzi akukakoka. Bambo wina analumpha n'kukagwira chikwama cha kumsana. Mnzanga, chikwamacho chikanaduka lamba sindikudziwa kuti ndikanakulembera zotani. Kanatuluka bondo likuchucha magazi, osalira, kakungonjenjemera. Anthu amadelera madzi ofika m'kakolo, chonsecho madzi othamanga okuya masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Ndinaima pamenepo pakati pa anthu ambirimbiri, wondigwira dzanja palibe, ndipo ndinakusowa koopsa. Kale tikanakhala awiri, iwe ukutseka makutu, ine ndikukuseka.

Itakata ndinadikirabe theka la ola kuchokera pa bingu lomaliza, monga amalangizira, poti mphenzi imatha kumenya ngakhale mtambo utapita kale patali. Pofika kubanki anali atatseka. Kupositinso chimodzimodzi. Mankhwala a amayi ako ndinakagula mawa lake, sanadumphitse tsiku, usade nkhawa, anali nawo otsala awiri. Mabasi anali odzaza, aliyense akununkha chinyontho, ndipo nsapato yanga yakumanzere inamatuka kunsi ndisanafike pasiteji, nsapato zija unandisiyira. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Envelopu ndinaitulutsa nditafika kunyumba. Ine ndimayesa ndaiteteza, osadziwa kuti madzi amatsika m'khosi n'kumakathera pomwepo. Inali yofewa ngati nsanza. Ndinaitsegula pang'onopang'ono ndi mpeni, satifiketiyo n'kuiika pakati pa mapepala oyera ouma, pamwamba n'kutsindikiza mabuku olemera, ndipo mapepalawo ndakhala ndikusintha m'mawa ndi madzulo. Achimwene ako anabwera n'kunena kuti tiisite. Ndinakana mpaka tinatsala pang'ono kuyambana. Panopa yauma, yangokhala ndi timakwinya m'mphepete. Koma chidindocho! Ndachiyang'ana pawindo, ndachiyang'ana ndi tochi, ndaitana ndi ana kuti awerenge poti maso awo ndi akuthwa. Mawu a m'mwamba akuoneka, deti ikuoneka theka. Nanga akakakuuza kuti ndi yachinyengo? Anthu a kumeneko sakudziwa iwe, sakudziwa mvula imene inagwa kuno, adzangoona pepala lothimbirira m'manja mwa mlendo. Zaka zonse zija unkawerenga usiku maso ali psuu, ine n'kudzaziononga masana amodzi chifukwa chosowa jumbo. Dzulo ndinalota akukubweza pachipata, iwe utanyamula envelopu ikudontha madzi.

Ndiuze chochita. Ndibwerere kuofesi kuja ndikapemphe kuti adindenso, kapena andilembere kalata yoikira umboni? Mzere sindikuuopa, ndikaima ngakhale tsiku lonse. Kapena nditumize momwe ililimu, iwe ukaone wekha? Ndikanakujambulira, koma foni nayonso inamwa madzi. Ndinaizimitsa pomwepo, sindinaitchaje masiku awiri kuti iume, yayaka koma kamera ili ndi nkhungu mkati. N'chifukwa chake unaona zii, usaganize kuti ndinakutaya.

Iii, ndikanaiwala. Mng'ono wako anachira Lachisanu m'bandakucha, mwana wamkazi, onse ali bwino. Mphuno ndi yako ndendende, wayamba kale kutivutitsa nayo. Amayi ako akuti dzina akudikira iwe. Ndinapita kukamuona, koma ngakhale nditamunyamula maganizo anali pa chidindo, Mulungu andikhululukire.

Pepala likutha ndipo kunja kwayambanso kuchita mdima, ndamva kugunda chapatali. Mabuku aja ndinawasiya pafupi ndi windo lija silitsekeka bwino, ndiyambe ndakawasuntha. Ukayankha undiuzenso ngati kumeneko amalandira fotokope yotsimikizidwa, chifukwa ngati amalandira ndiye mwina ndingo